Bambo a Hisham Alibe Mwana Wamwamuna

Hay Sawwan, 9 Malichi 1997

Amake Sabrin,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene wayamba kundilankhula ngati apongozi: tsiku lililonse nkhani yomweyomweyo. Ndikhulupirira kuti miyendo ya mayi anga yaphwa, ndiponso kuti Hoda akulowadi m'kalasi, osati kungocheza pa geti la sukulu.

Kalata yanu yandipeza, koma imvani mmene yayendera. Wa positi anakhala nayo m'chikwama masabata angapo, kufunsa khomo ndi khomo kuti Shehata Tolba ndani. Anandifunsa ngakhale ineyo, makasitomala ali pomwepo, ndipo ndinayankha kuti dzinalo ndikulimva koyamba. Anaipulumutsa ndi Sobhi wakwathu uja, wokanda ufa mu bekare muno, amene anamunamiza kuti ndi ya msuweni wake wa ku minda.

Ndibwerezenso, poti mwina mumayesa ndinkaseka. Kuno kutsidya kulibe Shehata. Chitupa changa cha ntchito chinatha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Wopanda chitupa sapatsidwa nambala ya penshoni, ndipo wopanda nambala salembedwa ntchito yooneka ndi maso. Atiya wa ku Sohag anabwerera kwawo ndi chifuwa, nambala yake n'kuisiya kuno ngati bulu wosungitsa kwa mnansi: ine ndimaidyetsa mwezi ndi mwezi, iyo n'kumandinyamula. Choncho pa ntchito ndine Atiya. Ndipo poti Atiya ali ndi mwana wamwamuna, msewu wonse umanditchula Bambo a Hisham, ine wa ana aakazi awiri. Ndevu zapamlomo zimene munaziseka pa chithunzi zija si za fasho ayi, ndi za pa khadi la Atiya.

Tsono za Sabrin. Medhat mwana wa a Hefni ndimamukumbukira ali ndi mamina ofika m'kamwa, lero mukuti ndi mphunzitsi wa masamu. Chabwino, m'banja mwathu mupezekeko mmodzi wodziwa kuwerengetsa. Ndavomera, ndipo tsiku la ukwati limene asankhalo, Lachinayi pa 24 Julayi, iye asananyamuke kukaphunzitsa kunja, ndalivomeranso. Koma achimwene a Tawfik muwauze asavutike n'kuchapitsa mkanjo. Dzanja limene lidzagwire la mkwati pansi pa kampango koyera, pamaso pa Shehe, ndi langa. Amene adzanene kuti "ndakupatsa mwana wanga" ndine. Mwanayo ndinathamanga naye ndine ku chipatala cha ku Minya chikuku chitamugwira, a Tawfik ali pa tiyi.

Mufunsa kuti ndibwera bwanji. Nditati ndipite ku doko lero ndi pasipoti yanga, andilipiritsa zaka zonsezi, kenaka andidinda chidindo choti ndisadzapondenso kuno. Ndiye Hoda aphunzira ndi chiyani? Koma Mulungu sagona. Ku Nyumba ya Malamulo ya kuno kwalowa bilu yonena za ife. Akuti aliyense wogwira ntchito pa nambala ya mnzake adziulule, apatsidwe yakeyake, azipita kwawo n'kubwerera ngati munthu. Ayamba kukambirana mwezi wamawa.

Ndatumiza madinala makumi asanu ndi limodzi kudzera kwa dalaivala wa basi uja. Gulani thonje la matiresi a mkwatibwi lisanakwere mtengo, ndipo wosoka matiresiyo mumukhalire pafupi. Anthu amenewo amabwera owonda, n'kuchoka onenepa m'mkanjo.

Ine mwamuna wanu,
Shehata (koma pa envelopu, Atiya)

Hay Sawwan, 13 Epulo 1997

Amake Sabrin,

Moni kwa inu, kwa mayi, kwa mkwatibwi ndi kwa mng'ono wake. Ndili bwino. Dzanja lamanzere ndinaligunditsa pang'ono pa chitseko cha uvuni. Sobhi akalembera mkazi wake zina, musamvere, mukumudziwa mmene amathirira mchere.

Chiyambire aphungu kukambirana za ife, tiyirumu ya pakona yasanduka kalasi. Kanema amaonetsa zokambiranazo madzulo, ndipo poti anyamata akwathu amadziwa kuti ndinaphunzira zamalamulo ku Asyut, amandikhazika kutsogolo n'kumandigulira tiyi. Zaka zinayi za ku yunivesite zayamba kubala zipatso tsopano.

Tsiku loyamba aphungu anachepa. Ena akuti anali ku maliro, ena ku ukwati, ndipo sipikala anawerenga mipando n'kutseka. Tsiku lachiwiri anadzaza, poti kunabwera ojambula. Wina wamimba anaimirira n'kunena kuti ife alendo opanda zitupa tikudya buledi wa eni dziko. Sobhi anandikodola.

"Aloya, buledi wake uti? Womwe timaphika ifewu?"

Ndinati mwina akunena nyenyeswa.

Wina, amene akuti ali ndi minda ya tomato kuchigwa, anati ife ndi abale awo, magazi amodzi, ndipo anatsala pang'ono kulira. Atapukuta m'maso anapempha kuti abalewo asamaloledwe kuchoka pa munda wa bwana wawo. Anamuombera m'manja a mbali zonse, ndiye sindikudziwa kuti ali mbali iti.

Biluyo ili ndi ndime ziwiri zotikhudza. Yachinayi ndi yathu: chikhululuko ndi nambala. Yachisanu ndi ya mabwana: aliyense amene analemba munthu pa nambala ya wina alipire chindapusa chonenepa. Haji Mifleh, mwini bekare, amene anandipezera yekha nambala ya Atiya, tsopano amakhala kumbuyo kwathu mu tiyirumu, mikanda ya pemphero ili m'manja. Timapemphera mzikiti umodzi, mzere umodzi, koma ndikukayika ngati tikupempha chinthu chimodzi.

Dzulo anandiitanira kuseri kwa matumba a ufa.

"Bambo a Hisham, ndinakulakwira chiyani? Ukadziulula iwe, waulula ine."

"Haji, mwana wanga akukwatiwa."

"Ana amakwatiwa tsiku lililonse. Bekare imatsekedwa kamodzi."

Atatero anatulutsa mafuta opaka pa dzanja langali, odula, ochokera ku famase ya m'tauni, n'kundipaka yekha. Munthuyu sindimumvetsa.

Hisham akupereka moni. Musaseke. Makasitomala amamufunsa m'mawa uliwonse, ndipo munthu sungamangoti "ali bwino" zaka zonsezi. Ndinamukhozetsa mayeso, ndinamuthyola mwendo pa mpira, chaka chatha ndinamulowetsa sukulu ya uinjiniya. Sajeni Khalaf wa ku polisi, amene sajomba kudzagula mikate m'mawa, akuti mnyamatayo akamaliza adzamupezera ntchito kwa mlamu wake. Mwana wopeka wapeza ntchito msanga kuposa bambo wake wa digiri. Hisham weniweni ku Sohag kuja mwina akuweta mbuzi, Mulungu amusunge.

Za katundu wa m'nyumba: a kwa mkwati agule za kuchipinda, ife za kukhitchini, monga mwa nthawi zonse. Akatchula firiji, inu muyambe kutsokomola.

Shehata

Hay Sawwan, 8 Meyi 1997

Amake Sabrin,

Mtendere. Ndili bwino, dzanja likuuma. Avota. Yambani mwathokoza Mulungu, kenaka tiona ngati kunali koyenera.

Zinayenda motere, mmene ndinazionera ine ndili pa mpando wakutsogolo. Phungu wamimba uja anapempha kuti ndime yachinayi, yathu ija, ichotsedwe. Wina anaimirira n'kupempha kuti pempho limenelo lichotsedwe. Wachitatu anati ndime yachinayi ndi yachisanu azimange pamodzi, kuti ikagwa ina igwe ndi inzake. Wachinayi anayamba za msewu wa kwawo, anamukhazika pansi. Kenaka phokoso, kulozana zala, wina kumenya tebulo ndi fayilo. Mkati mwa phokosomo sipikala anati, "Ogwirizana nazo akweze manja."

Kugwirizana ndi ziti? Sananene, kapena ananena ife osamva, poti nthawi yomweyo mwini tiyirumu anali akutukwana ketulo. Manja anakwera. Wina anakweza awiri. Wina ndikukhulupirira kuti ankaitanitsa madzi. Sipikala anayang'ana pamwamba pa magalasi, anati, "Ambiri," n'kumenya kanyundo kake. Kanema anaika nyimbo.

Mu tiyirumu aliyense kutembenukira kwa ine.

"Aloya, tapambana?" anafunsa Sobhi.

Ndinayamba kufotokoza bwinobwino kuti ngati avotera pempho lachiwiri ndiye kuti ndime yathu ili moyo, ngati avotera loyamba yafa, ndipo ngati ndi lachitatu ndiye kuti ili moyo koma yamangidwa pa mwendo wa Haji. Sobhi anangomva chiyambi chokha, n'kukwera pa mpando. Anyamata a ku Sohag anazula mipini ya matsache n'kuyamba gule wa ndodo pakati pa matebulo.

Gule ali mkati, analowa Haji Mifleh, kumbuyo kwake anthu awiri atanyamula thireyi ya kanafe, keke yotsekemera ya kuno, yotentha, yaikulu ngati chitseko, madzi a shuga akuchucha. Anandipsompsona masaya onse awiri.

"Mulungu ndi wachifundo, Bambo a Hisham. Yagwa."

"Chagwa n'chiyani, Haji?"

"Bilu yonse. Mlamu wanga amayendetsa galimoto ya phungu, wandiimbira pompano. Idyani, idyani nonse."

Ndinayang'ana Sobhi ali pa mpando, ndinayang'ana thireyi. Ndinadya. Pa malamulo onse amene ndinaphunzira, palibe loletsa kudya kanafe ya munthu amene akukondwerera tsoka lako. Iyenso anawaombera m'manja ovinawo, akuyesa kuti akukondwera naye. Sindinaonepo chikondwerero chogwirizana chonchi.

M'mawa ndinagula nyuzipepala zitatu. Yoyamba ikuti bilu yadutsa. Yachiwiri ikuti yabwezedwa ku komiti. Yachitatu yaika chithunzi cha phungu wa manja awiri uja, pansi pake nkhani ya mpira.

Komabe mtima wanga ukuti yadutsa. Muuzeni Sabrin kuti bambo ake akubwera. Ndamuonera nsalu yobiriwira pa shopu ina kuno, akuti madinala atatu pa mita, ndikuyembekeza kuti mwini shopuyo adwale chifundo. A Tawfik musawauze kanthu, asiyeni aziyeserera mawu awo pa galasi.

Shehata

Hay Sawwan, 2 Juni 1997

Amake Sabrin,

Moni nonse. Ndili moyo. Pofika kalata ino mwina mwamuona kale Sobhi m'mudzimo, ndiye palibe chobisa.

Chivotere aphungu, apolisi akuti kaya chinadutsa n'chiyani, payenera kuti muli mawu onena za kugwira anthu. Anabwera m'mawa, mikate yoyamba ikutuluka. Sobhi alibe nambala, ngakhale yobwereka. Anabisala kuseri kwa matumba a ufa, ufa n'kumuyetsemulitsa. Amene ankatsogolera anali Sajeni Khalaf. Anandigwira chanza.

"Pepani Bambo a Hisham, takusokonezani ntchito. Hisham mayeso ayenda bwanji?"

Ndinati ayenda bwino. Sobhi ankadutsa pambali panga, manja ali ufa wokhawokha mpaka m'zigongono. Ine ndinapitiriza kutulutsa mikate, poti ikanapserera. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Munthu amene analumbira kuti sabwerera kwawo asanamange nyumba, amukweza sitima ulele. Ine wofuna kubwera ndili pano.

Ndinapita ku ofesi ya zantchito kukafunsa za nambala yanga. Wa pawindo anati, "Zimenezo nafenso tinaziona pa kanema. Kalata yotiuza chochita sinafike." Pa mzere wina anati biluyo inapita ku nyumba ya aphungu aakulu, iwo n'kuisintha, n'kuibweza. Wina anati nyumba ziwirizo ziyenera kukhala pamodzi. Wina anati zonsezo n'zoona, koma aphungu atsekera kutentha, adzakumananso mu Okutobala. Ameneyu ndiye ankanena zoona, ndamva pa wailesi. Ndinabwerera pawindo kukafunsa kuti pakadali pano lamulo ndi liti, lakale kapena latsopano. Anati, "Zimatengera amene wakugwira."

Mu tiyirumu sandiguliranso tiyi.

Pa ndalama ndatumizazi, madinala khumi mumupatse mkazi wa Sobhi, munene kuti ndi malipiro ake otsala kwa Haji. Si zoona, koma munene choncho.

Shehata

Hay Sawwan, 22 Juni 1997

Amake Sabrin,

Mtendere ukhale nanu. Ndili bwino, kutentha kokha. Pa uvuni masiku ano munthu umatuluka panja kukapuma pa dzuwa.

Kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ndikupempha boma lathu likulembeni ntchito ku unduna wa zachuma. Mwaika zonse pa mzere wake: sukulu ya Hoda, denga la chipinda chapamwamba, mankhwala a mayi. Mukuti dzanja ndi dzanja basi, la a Tawfik nalonso lili ndi zala zisanu, ndipo Shehe sadzasuzumira pansi pa kampango. Mukuti ndidikire Okutobala. Zonse mwanena zoona, ndipo zimandinyansa mukamanena zoona.

Ndikanakumverani. Koma pansi pa kalatayo pali mzere wa pensulo umene mwina simunauone. Walemba Sabrin: "Bambo, musavutike." Mwana ameneyo ndimamudziwa. Ali wamng'ono, akafuna chinthu pa msika, ankachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti n'chonyansa.

Ndiye ndikubwera, ndipo ndapeza njira yotchipa, njira ya Sobhi. Wopita yekha ku doko amamulipiritsa. Wogwidwa salipira kanthu, amagona masiku ochepa mkati, n'kumukweza sitima. Boma la kuno limakonda munthu wothawa kuposa wotsanzika. Ndikadzipereka ku polisi kumayambiriro kwa Julayi, kuti ngakhale achedwe nane, tsikulo lindipeze kwathu. Chidindo adinde, dziko ndi lawo.

Haji ndamuuza. Ndamulonjeza kuti bekare sindiitchula, ndidzati zaka zonsezi ndakhala ndikugona m'minda ya tomato. Anangofunsa ngati ndamuphunzitsa mokwanira wophika watsopano, n'kutuluka osavala nsapato imodzi.

Za Hoda musalire. Ndidzaika katebulo pakhomo la khoti ku Minya, kumalembera anthu madandaulo. Digiri ija ituluke m'sutikesi, nayonso ione dzuwa. Nsalu yobiriwira ndagula, mwini shopu sanadwale.

Musandiyankhe, kalatayo idzapeza nditachoka.

Shehata

Hay Sawwan, 8 Julayi 1997

Amake Sabrin,

Mukuona pamwambapo pamene ndikulembera. Ndili bwino m'thupi. Khalani pansi.

Ndinapita ku polisi Loweruka, nditavala shati yoyera, kachikwama m'manja, nsalu ya Sabrin ili mkati. Ndinaganizapo zometa ndevu za Atiya ndisananyamuke. Koma mwamuna wakwathu kukaima pa ukwati wa mwana wake mlomo uli see ngati dzira? A Tawfik akanaseka mpaka chaka chamawa, ndipo a kwa mkwati akanafunsa kuti bambo ndi uti. Ndinazisiya.

Pa tebulo ndinapeza Sajeni Khalaf akudya mkate wanga womwe, akusunsa m'mafuta.

"Bambo a Hisham, mwatitengera chiyani?"

Ndinaika pasipoti patsogolo pake. Ndinati, "Ndabwera kudzadzipereka. Dzina langa ndine Shehata Tolba, chitupa changa chinatha kalekale. Ndigwireni."

Anapukuta zala, anatsegula. Chithunzi chija mukuchikumbukira: kamnyamata kowonda, tsitsi lodzaza mutu, tayi wobwereka, pamlomo popanda kanthu. Anayang'ana icho, anayang'ana ine, dazi langali, mimba, ndevu. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kuitana anzake kuti adzaone.

"Anthu akwanu nthabwala. N'chifukwa chake timakonda mafilimu anu. Mwaitola kuti?"

"M'chitini changa, Sajeni. Ndi yanga."

"Ndiye kuti wina anaiiwala mu bekare, inu n'kuisunga. Osaona nkhope yake, ngati wakuba nkhuku."

Anatuma mnzake kukayang'ana nambala ya Atiya m'mabuku. Anabwera n'kunena kuti ili bwinobwino, sinajombepo mwezi. Sajeni anati alendo onse akanakhala ngati ine, bwenzi apolisi akugona masana. Ndinalumbira pa dzina la Mulungu kuti ndine Shehata. Apo nkhope yake inasintha.

"Musamalumbire pa nthabwala. Ndinu munthu wamkulu, bambo wa injiniya."

Analemba pasipoti yanga m'buku la zinthu zotoledwa, anaitsekera m'kabati, anandithokoza chifukwa cha kukhulupirika. Akuti mwini wake akabwera ndi chitupa chake adzamupatsa. Anandiperekeza mpaka pakhomo, dzanja lili pa phewa langa, ndipo pamenepo ananena motsitsa mawu: "Mikate ya wophika watsopano uja ana anga sakudya." Mpaka lero sindikudziwa ngati munthu ameneyu ndi wopusa, kapena wochenjera kutiposa tonse, kapena wachifundo mwa njira yake. Ndaziganiza mpaka mutu kuwawa.

Lolemba ndinakwera basi kupita ku likulu, ku ofesi ya anthu akwathu, kukapempha pepala loyendera. Akuti n'zotheka, ndingobweretsa kalata ya polisi yonena kuti pasipoti inatayika, yochokera ku polisi ya kumene ndimakhala. Ndabwerera kwa Sajeni lero. Akuti kalatayo alemba ndi manja awiri, Shehatayo angobwera yekha.

Haji atandiona ndikulowa ndi kachikwama, sanafunse kanthu. Anangondipatsa epuloni.

Ndikuyesabe. Pali munthu wina amene akuti amadziwa munthu wina. A Tawfik muwauze achapitse mkanjo uja, kungochitira mwina. Nsalu ndaipereka kwa dalaivala, kuti iyo yokha ifike.

Shehata

Hay Sawwan, 25 Julayi 1997

Amake mkwatibwi,

Mwadzuka bwanji? Miyendo ikutha kuponda pansi? Mayi anapirira phokoso? Ine ndili bwino. Munthu wodziwa munthu uja anapezeka kuti sadziwa aliyense, tisataye inki pa iye.

Mundilembere zonse. Shehe anafika pa nthawi yake kapena anayamba wadya kwina? Nsalu inamukhala? A Tawfik mawu anawanena bwino, kapena anawonjezera zawo? Dzanja lawo linanjenjemera? Ngati linanjenjemera, muwauze kuti ndawakhululukira zina ndi zina. Sobhi ndikhulupirira munamupatsa nyama yabwino.

Tsono imvani za kuno. Dzulo itatha swala ya masana aakulu, nthawi imene ndinadziwa kuti kampango kayalidwa, ndinapsereza mikate yonse ya mu uvuni. Chiyambire sizinandichitikirepo. Utsi unafika mpaka kumsewu. Haji Mifleh analowa, anayang'ana makala amenewo, anandiyang'ana ine.

"Ndi lero?"

"Ndi lero, Haji."

Anagudubuza mikanda yake. Kenaka anafunsa chimene sanandifunsepo zaka zonsezi.

"Mwanayo dzina lake ndani?"

"Sabrin."

Anatuluka n'kukaima pakhomo la bekare, ndipo ndinamumva akuuza msewu wonse, ndi mawu ake ogulitsira malonda aja, kuti Hisham akukwatira lero kwawo, mkazi wake dzina lake Sabrin, ndipo bambo ake alephera kupita chifukwa cha ntchito. Anati bekare yatsekedwa, wofuna buledi akadye kwa apongozi ake.

Dzuwa lisanalowe mipando inali itadzaza msewu. Sindikudziwa kumene inachokera. Kunabwera ng'oma ndi chitoliro, kunabwera mathireyi a mpunga ndi nyama ya nkhosa, Haji akukalipira onyamula ngati walipira ndi magazi ake, ndipo mwina n'zoona. Amayi anatulukira m'makhonde a m'mwamba n'kuyamba nthungululu. Nyimbo zawo za ukwati amaikamo dzina la mkwatibwi, ndiye msewu wonse wa dziko la eni unkaimba Sabrin, Sabrin. Ine ndinali pa mpando wapakati, epuloni nditavula, osadziwa ngati ndiseke kapena nditani.

Sajeni Khalaf anabwera atavala zakunyumba. Anandikokera mu mzere wa gule, phewa ndi phewa, kuponda pansi pamodzi. Aphungu akanationa, sindikudziwa kuti akanavotera ndime iti.

Titakhala pansi, mkazi wachikulire wa pa nyumba yoyandikana nafe anandifunsa kuti, "Bambo a Hisham, nanga mpongozi wanuyo ndi wotani? Mnyamata wathu sanagwe m'dzenje?"

Amake Sabrin, zaka zonsezi ndakhala ndikuwapekera anthu awa nkhani m'mawa uliwonse. Dzulo sindinapeke. Ndinawauza kuti amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa cha dzino lija. Kuti amawerenga buku uku akutakasa mphodza, mphodza n'kupserera, iye n'kunena kuti vuto ndi poto. Kuti sagonja pa mkangano, anatengera mayi ake. Kuti akafuna chinthu sapempha. Ndinalankhula mpaka tiyi kuzizira.

Mayiyo anati, "Koma ndiye mukumudziwa bwino mpongozi wanu."

Ndinati ndinamuona akukula.

Haji anali akuyang'ana kumbali, akukangana ndi woimba ng'oma za mtengo.

Anthu apereka mphatso za mkwati: wotchi, mashati awiri, makina ometera ochokera kwa Sajeni. Ndikutumiza zonse ndi dalaivala, mumupatse Medhat. Akafunsa kuti zachokera kwa yani, munene kuti kwa anansi a apongozi ake, anthu amene akhala akumufunira zabwino kuyambira kale. Shati ikakula, asadandaule, ndinawauza kuti ndi wamtali.

Za Okutobala akuti biluyo idzayambiranso pachiyambi, ena akuti inadutsa kale mwakachetechete, ena akuti sikunakhaleko bilu yotero. Ine ndasiya kufotokozera anthu. Mawa uvuni ndiyatsa monga mwa masiku onse, ndipo ndalama za Hoda zifika kutha kwa mwezi.

Anthu akakufunsani ngati bambo a mkwatibwi anavina, muwauze kuti anavina mpaka nsapato inang'ambika. Musawauze kuti anavina ali ndani.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Sabrin